Lendi yolandirira pamanja sioneka ku banki

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndiyankhule ndi anzanga amene timamanga nyumba za lendi. Ndili ndi sitolo yogulitsa simenti, malata, misomali ndi zitsulo kuno ku Blantyre, ndiponso ndili ndi nyumba zingapo za lendi ku Machinjiri zomwe ndinamanga pang'onopang'ono, ina mwa izo ndi thandizo la ngongole ya ku banki. Munthu akaganiza zokatenga ngongole yomangira amayamba wafika kwa ife a masitolo kudzatenga kotesheni. Ndimamulembera, kudindapo chidindo, iye n'kunyamuka nkhope ili ngwee. Pakapita mwezi amatulukiranso kudzagula matumba awiri a simenti ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo ndikafunsa za ngongole ija yankho limakhala lomwelomwelo: "Mayi, ku banki n'kwa mabwana. Anandikana."

Zimandiwawa chifukwa ambiri mwa anthu amenewa si osauka ayi. Ena ali ndi mdadada wa nyumba zisanu ku Chirimba kapena ku Bangwe, zonse muli anthu, zonse zikulipiridwa. Vuto lawo n'lakuti chuma chawocho sichinalembedwe paliponse pamene banki ingawerenge. Ndi nkhani imeneyi yomwe ndikufuna kuifotokoza m'chinenero chathu, poti zikalata za ku banki zonse zili m'Chingerezi ndipo ambiri timachita manyazi kufunsa kawiri.

Ndiyambe ndi lendi yeniyeniyo. Mwezi ukatha alandilodi amazungulira m'makomo madzulo. Uyu wapereka yonse, uyu wapereka theka kuti yotsala adzamalize Loweruka, winayo watumiza pa foni ya mwana wanu chifukwa yanu inali yozima. Ndalamayo yalowa pa mpango, m'mawa mwake yagula thumba la chimanga, yalipira fizi, yotsalayo yapita ku banki mkhonde. Palibe cholakwika pamenepo, ndalama yagwira ntchito yake. Koma tsiku limene mwakhala pampando ku banki n'kunena kuti nyumba zanga zimandipatsa K400,000 pamwezi, mnyamata wa ngongole uja amatsegula sitetimenti yanu pa kompyuta, kuyang'ana kuchokera kumwamba mpaka pansi, osaipezapo. Mwina iyeyo akukukhulupirirani, mwinanso amachita lendi kufupi ndi kwanu komweko. Koma fayilo yanu ikupita ku komiti ya anthu amene sanakuonenipo nkhope, ndipo iwo sangavomereze ndalama zomwe zinangotchulidwa pakamwa.

Wogwira ntchito yolembedwa zake n'zosavuta. Amapereka pay slip ya miyezi ingapo, kalata ya abwana ake, ndipo malipiro ake amadutsa ku banki komweko. Banki imaona zimene amatsala nazo akadula msonkho ndi ngongole zina, kenako imaika malire kuti zobweza pamwezi zisapitirire gawo lina la ndalamazo. Malirewo amasiyana banki ndi banki, koma kawirikawiri amagwera pakati pa gawo limodzi mwa magawo atatu ndi theka. Ife a geni ndi a lendi tilibe pay slip. Chotiyankhulira ndi sitetimenti, ndipo amafuna ya miyezi 6, ena mpaka 12. Ndiye kuti munthu amene akufuna ngongole chaka chamawa ayenera kuyamba kukonzekera mwezi uno.

Ine anandiunikira ndi kasitomala wanga wina, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito ku banki asanapume. Anandiuza kuti nditsegule akaunti ya lendi yokhayokha, yosasakaniza ndi ndalama za sitolo. Aliyense wokhala m'nyumba zanga asainire pepala la mgwirizano lokhala ndi dzina lake, nambala ya chitupa chake cha unzika, ndalama yolipira pamwezi ndi tsiku lolipirira. Lendi aziika yekha mu akauntimo n'kulemba dzina lake ndi nambala ya nyumba. Ine ndizilemba lisiti m'buku la kaboni, lina kwa iye, lina litsale m'bukumo. Matenanti ena anayamba anyinyirika, akuti ku banki n'kutali ndipo mizere ndi yaitali, koma masiku ano munthu amatha kutumiza kuchokera pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba kupita ku akaunti ya banki ali khale pakhonde pake. Kandalama kodula potumizako ndinavomera kuti kazichoka pa lendi. Simukuletsedwa kuitapa ndalamayo mawa lake. Chofunika n'chakuti idutsepo, ioneke mwezi ndi mwezi, pa masiku ofanana, kuchokera ku maina omwewo.

Apa pali nkhani ina yomwe ambiri safuna kuimva. Ndalama ya lendi imayenera kudulidwa msonkho. Alandilodi ambiri amakonda zapamanja chifukwa choopa a MRA, ndipo ndimawamvetsa, moyo wavuta. Koma sizingatheke kuti ndalama yomweyo ibisike kwa a msonkho n'kuonekera kwa a banki. Ngongole ikakhala yokulirapo a banki amafunsa TPIN, nambala yanu ya msonkho ya ku MRA, ena amafunsanso umboni woti nkhani za msonkho zili bwino. Ngati m'nyumba mwanu mukukhala kampani kapena bungwe, iwo amadula okha msonkho pa lendi asanakupatseni n'kukupatsani chikalata chake. Chikalatacho musachitaye m'dilowa mwa zakale. Ndi umboni wamphamvu kuposa lisiti lililonse lomwe mungalembe ndi dzanja lanu.

Dziwaninso kuti ngakhale lendi yanu ioneke yonse, banki siiwerengera yonse. Imachotsako gawo poganizira kuti nyumba imakhala miyezi ina yopanda munthu, tenanti amathawa usiku ndi ngongole, chimbudzi chimadzaza, denga limadontha. Lendi ya nyumba yomwe simunamalize kumanga ndiye amaikayikira kwambiri. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo a komiti aja amayendera zomwezo.

Tsopano za malo. Kawirikawiri munthu akati "mapepala ndili nawo" amatulutsa kalata ya amfumu, kapena pepala logulitsirana puloti losainidwa ndi mboni zinayi ndi chidindo cha anyakwawa. Wina amatulutsa kalata yomupatsa puloti yochokera ku khonsolo, ku Malawi Housing Corporation kapena ku Unduna wa Malo. Mapepala onsewa ali ndi ntchito yake, amakutetezani pa mkangano wa malire, koma ambiri mwa iwo si chikole. Banki imafuna taitolo, chikalata cha umwini cholembetsedwa ku Land Registry, ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Chifukwa chake n'chomveka. Ikakubwerekani ndalama, loya wake amakalembetsa pa taitoloyo kuti nyumbayi ili pa chikole, kotero kuti simungaigulitse mwakachetechete, ndipo mukalephera kubweza banki ili ndi mphamvu yoigulitsa. Pa kalata ya amfumu palibe pamene angalembe zimenezo.

Asanavomere chilichonse loyayo amakafufuza m'kaundula. Amaona ngati dzina lili pa taitolo ndi lanudi, ngati malowo sanaikidwe kale pa chikole kwina, ngati palibe amene anaikapo chiletso chifukwa cha mlandu. Mapuloti ambiri a nyumba m'mizinda ali pa lizi ya zaka 99, choncho amaona zaka zomwe zatsala, ndiponso ngati ndalama ya pachaka ya lizi ndi msonkho wa khonsolo zilibe ngongole. Amafunsa pulani ya nyumba yovomerezedwa ndi khonsolo. Ambiri timavomerezetsa pulani ya nyumba imodzi, kenako n'kudzaza puloti yonse ndi tinyumba ta kuseri mpaka kukhudza mpanda. Tinyumbato ndi timene timabweretsa ndalama, inde, koma kwa wowerengera mtengo wa nyumba tikhoza kusanduka chifukwa chotsitsira mtengo.

Lamulo la malo a mafumu la 2016, Customary Land Act, linatsegula njira yoti munthu alembetse malo a makolo m'dzina lake kapena la banja. Ndi chinthu chabwino, koma ntchito yake ikufalikira pang'onopang'ono, ndipo musanadalire chikalata chotero ngati chikole, kafunseni kaye ku banki yomwe mukufuna ngati imachilandira.

Kupeza taitolo kumafuna kuleza mtima ndi ndalama: masaveya abwere adzaike mabikoni, mapu ajambulidwe, mafomu ayende m'maofesi. Panjira ponsepo pali madobadoba olonjeza kuti akuchitirani mwachangu. Ndaonapo mayi wina, wogulitsa kaunjika, akulira pakhomo pa sitolo yanga atauzidwa ndi loya wa banki kuti taitolo yomwe anailipirira ndalama zambiri kudzera mwa munthu wotero mulibe m'kaundula. Lipirani pa kauntala, tengani lisiti la boma, lembani nambala ya fayilo yanu, muzipita nokha kukaifunsa.

Ndipatuke pang'ono ndinene za nyumba za amasiye, chifukwa zimandikhudza mtima. Nyumba zambiri za lendi m'makwalala akale monga Ndirande, Zingwangwa ndi Chilomoni zikadali m'maina a anthu amene anatisiya kalekale. Ana akulandira lendi, akugawana, zaka zikupita. Tsiku lina mmodzi akufuna ngongole yoti akonzere nyumbayo, banki ikuti mwini wake abwere adzasaine. Pamafunika kaye zikalata za kukhoti zopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, motsatira lamulo la 2011 la chuma cha masiye, kenako dzina lisinthidwe pa taitolo. Mabanja achite zimenezi pamene akumvana, asadikire mkangano. Ndipo amene wapatsidwa mphamvuyo akumbukire kuti wangosungira anzake. Kuika nyumba ya banja pa chikole abale osadziwa, kapena mwamuna kuika nyumba yogonamo ana mkazi wake osadziwa, ndi nkhanza ngakhale mapepala atakhala olongosoka.

Za mbiri ya ngongole sindichulutsa mawu. Lamulo la mabungwe osunga mbiri ya obwereka linakhazikitsidwa mu 2010. Lero mabanki ndi mabungwe a ngongole zing'onozing'ono amatumiza maina ku mabungwe monga Credit Data CRB, ndipo chibwerereni zitupa za unzika mu 2017 n'kovuta kuzemba posintha dzina. Kangongole ka K50,000 komwe munakaiwala zaka zapitazo, kapena ngongole ya mlamu wanu yomwe munasainira ngati womuimira iye n'kuthawa, ikhoza kugwetsa pempho la mamiliyoni. Kafunseni lipoti lanu musanapite ku banki. Ngati muli cholakwika, chikonzedwe. Ngati muli ngongole yeniyeni, lipirani mutenge kalata yotsimikiza kuti mwamaliza.

Mapepala akakhala bwino amatumiza valuwa, katswiri wowerengera mtengo wa nyumba, ndipo amamulipira ndinu. Amene anabwera kwanga anafika ndi tepi yoyezera ndi kabuku. Asanalowe n'komwe anaima kaye pamsewu kuyang'ana ngati galimoto ingafike nthawi ya dzinja, ndi kumene madzi a mvula amalowera. Anagogoda khoma pamene panali kamng'alu, anakwera pa mpando kusuzumira m'denga, anawerenga mamita a ESCOM kuti aone ngati nyumba iliyonse ili ndi yake. Matailosi a pabalaza sanawayang'ane kawiri. Potuluka anamufunsa mwakachetechete mayi wa m'nyumba yapakati kuti amalipira zingati, kuti aone ngati zikugwirizana ndi zomwe ndinalemba. Lipoti lake linali ndi mitengo iwiri: mtengo umene nyumba ingagulidwe mutaitsatsa modekha, ndi mtengo wotsika umene ingagulidwe ikamagulitsidwa mokakamiza. Ambiri amadabwa kuti nyumba yomwe anawonongerapo K60 miliyoni ikungowapezetsa ngongole yochepa. N'chifukwa chakuti banki imaganizira za tsiku loipa, ndiye imabwereketsa gawo chabe la mtengowo. Ngati mukugula nyumba, gawo lotsalalo mumaika nokha ngati dipoziti, ena amafuna 10 peresenti, ena 20 kapena 30, ndipo nyumba ya lendi amaiona ngati yoopsa kuposa yogonamo mwini wake, chifukwa zinthu zikathina munthu amayamba wataya ya lendiyo. Ngati mukumanga, sakupatsani ndalama zonse pakamodzi. Amafuna ndondomeko ya zipangizo ndi mitengo yake, n'kumatulutsa ndalama pang'onopang'ono: fandeshoni ikatha abwere aone, ikafika pa lintala aonenso, kenako za denga. Pamwamba pa izi konzekerani ndalama ya loya, ya kulembetsa chikole, ya banki yokonzera ngongole ndi inshulansi. Zonsezi zimatuluka musanagule ngakhale msomali umodzi.

Koma Akonzi, nkhani yaikulu imene yandichititsa kukhala pansi n'kulemba ndi iyi: kuvomerezedwa ndi banki sikutanthauza kuti ngongoleyo ikuyenerani. Tiyeni tiwerengetse limodzi. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti. Mabanki amatenga chiwongola dzanja choyambira chotchedwa reference rate, chomwe chimalengezedwa mwezi ndi mwezi, n'kuonjezerapo zawo molingana ndi mmene akukuonerani. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zakwana 30 peresenti pachaka, ndipo mwabwereka K20 miliyoni. Chiwongola dzanja chokha cha mwezi woyamba ndi K500,000, musanabweze ngakhale tambala ya ngongole yeniyeniyo. Mukati mubweze kwa zaka 10, muzipereka pafupifupi K527,000 pamwezi, ndipo pomaliza mudzakhala mutapereka ndalama zoposa K63 miliyoni. Ambiri akamva zimenezi amati ndiye andipatse zaka 20 kuti zipepuke. Pa zaka 20 muzipereka pafupifupi K501,000. Mwangopepukidwa ndi K26,000 pamwezi, koma mwadzionjezera zaka 10 za goli, ndipo zonse pamodzi mudzapereka ndalama zoposa K120 miliyoni. Pa zaka 5 ndi pafupifupi K647,000 pamwezi, zonse pamodzi pafupifupi K39 miliyoni. Chiwongola dzanja chikakwera chonchi, kutalikitsa zaka sikuthandiza kanthu.

Ndiye funsani kuti K20 miliyoni ija imanga chiyani pa mitengo ya simenti ndi malata ya masiku ano, ndipo chomwe yamangacho chibweretsa lendi yochuluka bwanji. Tinene kuti mwachita mwayi, mwamanga tinyumba titatu tolipira K120,000 kalikonse. Ndi K360,000 pamwezi, tonse titakhala ndi anthu, onse atalipira pa nthawi yake. Banki ikufuna K527,000. Kusiyanako kuzichoka ku malipiro anu kapena ku geni yanu mwezi uliwonse kwa zaka 10, ndipo simunawerengere penti, msonkho ndi mwezi umene nyumba yakhala yotseka. Banki ikhoza kukuvomerani chifukwa malipiro anu akukwanira. Ntchito ikatha, kapena geni ikagwa, lendi yokha siingapulumutse nyumbayo.

Chiwongola dzanjacho sichikhazikikanso malo amodzi. Pafupifupi ngongole zonse zotere zimayendera reference rate ija, ikakwera nanunso zobweza zanu zimakwera popanda kusainanso pepala lina. Amene anabwereka chisanafike chaka cha 2022 anaziona. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. M'sitolo mwanga tinkasintha mitengo kangapo pa sabata. Anthu amene anali pakati pomanga ndi ngongole yotulutsidwa pang'onopang'ono anapeza kuti ndalama yomwe inalembedwa ya denga lonse ikungokwanira theka la malata, pamene zobweza ku banki zikukwera.

Pali anzanga amene amatsutsa. Amati mitengo ikamakwera chonchi ndi bwino kubwereka lero n'kugula simenti, chifukwa chaka chamawa adzakhala atakwera, nyumba idzakwera mtengo, pamene ngongole ikhala yomweyo m'makwacha ofooka. Mfundo yawo ili ndi mutu, sindingaikane. Koma mtengo wa nyumba mumaudya tsiku logulitsa lokha, pamene banki imafuna zake pa 30 mwezi uliwonse. Lendinso siikwera liwiro limodzi ndi simenti. Tenanti wanga ndi mphunzitsi, wina ndi mlonda, wina amasoka zovala. Malipiro awo sanakwere ndi 44 peresenti. Ndikawakwezera mopyola amasamuka, n'kupita kumene kulibe magetsi, ine n'kutsala ndi nyumba yopanda munthu miyezi iwiri.

N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti ngongole ya ku banki ikhale yomalizira nyumba, osati yoyambira. Puloti gulani ndi zanu. Njerwa kapena mabuloko, fandeshoni ndi zipupa kwezani ndi za geni, za chipereganyu, za banki mkhonde kapena za SACCO, ngakhale zitenge zaka. Nyumba ikafika pa lintala, yangotsala denga, zitseko, mawindo, pulasitala ndi magetsi, pamenepo ngongole ili ndi phindu, chifukwa ndalama yochepa ikudzutsa chuma chonse chomwe chinagona. Ngongole ya K5 miliyoni pa 30 peresenti kwa zaka 3 ndi pafupifupi K212,000 pamwezi. Ngati ikumalizitsa nyumba ziwiri za K120,000 iliyonse, lendi yatsopanoyo ikulipira ngongole, ndipo ya nyumba zakale ikuimirira kumbuyo mwezi wovuta. Ngongole yanga inali ya mtundu umenewu. Ndinaitenga nditasungiratu ndalama zobweza miyezi itatu mu akaunti ya lendi ija, ndipo ndinafunsiratu ngati amalola kubweza mopitiriza popanda chindapusa. Funso limeneli musaliiwale, chifukwa kandalama kalikonse koonjezera m'chaka choyamba kamadula chiwongola dzanja chambiri.

Inshulansi ambiri amaiona ngati njira yongotidyera. Banki imakakamiza ziwiri: ya nyumba, ndi ya moyo wa wobwereka kuti akamwalira ngongole ithe, ana asalandidwe nyumba. Amene tinali mu Blantyre mu March 2023 pamene namondwe Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche sitifunika kuuzidwa kuti nyumba ikhoza kutha usiku umodzi. Ngongole siikokoloka limodzi ndi nyumba. Werengani pepala la inshulansi muone ngati likutchula madzi osefukira ndi mphepo, osati moto wokha.

Zinthu zikavuta, pitani ku banki mwezi usanakupyoleni, mukakambirane. Musazime foni, ndipo chonde musapite kwa a katapila kukatenga zolipirira banki. Zidziwitso za nyumba zogulitsidwa ndi mabanki zomwe timaziona m'nyuzipepala zili ndi eni ake, ena ndi makasitomala anga. Nyumba ikagulitsidwa motchipa osakwanira ngongole, yotsalayo imakhalabe pamutu panu.

Mwana wa mchemwali wanga ndi namwino ku Leeds, ku Britain, ndipo tikamacheza pafoni nkhani zathu zimathera pa nyumba. Kumeneko kuli ngongole yapadera yogulira nyumba za lendi, amati buy-to-let. Kawirikawiri amafuna dipoziti ya 25 peresenti, ndipo chachikulu chomwe amayeza ndi nyumbayo: lendi yake ikhale yosachepera 125 peresenti ya chiwongola dzanja cha pamwezi, chowerengedwa pa mlingo wokwera kuposa wa lero, kuti aone ngati ingapirire zinthu zitasintha. Valuwa ndi amene amanena lendi yomwe nyumbayo ingabweretse. Muyeso umenewu ndinaukonda, ndipo ndimauza aliyense wotenga kotesheni kuti adziyeze nawo yekha ngakhale banki isamufunse: lendi yomwe ili kale m'manja ipose zobweza za pamwezi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Abale athu a ku Britain, ku Johannesburg ndi kwina amene akumanga kuno kumudzi nawo amve: mabanki ena kuno ali ndi maakaunti ndi ngongole za anthu okhala kunja, koma taitolo ikakhala m'dzina la achimwene amene akuyang'anira ntchito, nyumbayo pamaso pa malamulo ndi ya achimwenewo.

Makolo athu ena anapeza nyumba kudzera ku New Building Society, yomwe inayamba mu 1964 ndipo ntchito yake yaikulu inali ngongole za nyumba. Mu 2004 inasanduka NBS Bank, banki yochita ntchito zonse monga anzake. Lero ngongole za nyumba zili m'manja mwa mabanki a malonda, amene ndalama zawo zambiri ndi zomwe anthu asungitsa kwa kanthawi kochepa, ndipo boma nalo limabwereka kwa mabanki omwewo pa chiwongola dzanja chokwera. Banki yoti ikhoza kupindula bwino pobwereketsa boma ilibe chifukwa chothamangira mayi wa nyumba zitatu ku Machinjiri. Izi sizingasinthe ndi kalata yanga, zikufuna kuti boma lichepetse kubwereka ndipo mitengo ya zinthu ikhazikike. Komatu anthu ambiri m'mizinda yathu amagona m'nyumba zomangidwa ndi alandilodi ang'onoang'ono ngati ife, osati ndi makampani, choncho nkhaniyi ikukhudza ndi amene alibe puloti omwe.

Pali zina zomwe zingatheke mawa lomwe. Mabanki alembe pepala limodzi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka losonyeza zonse zofunika pa ngongole ya nyumba ya lendi ndi ndalama zolipira panjira, alipachike pakhomo. Akamukana munthu amuuze chifukwa chake molemba, kuti adziwe choti akonze, asapite kwawo akuganiza kuti amukana chifukwa cha nsapato zake. Ayambe kulandira sitetimenti ya Airtel Money ndi Mpamba ngati umboni wa lendi, poti ndi kumene ndalama za anthu wamba zikudutsa. Ndipo munthu asanasaine amuonetse m'makwacha ndalama zonse zomwe adzapereke pofika kumapeto, komanso zomwe azidzapereka pamwezi chiwongola dzanja chikakwera ndi 5 peresenti. Maofesi a za malo nawo apachike pakhoma ndondomeko yopezera taitolo ndi mtengo wa sitepe iliyonse, madobadoba asowe podyera.

Kwa inu Akonzi pempho langa ndi laling'ono. Mabanki amalengeza reference rate mwezi uliwonse, koma m'Chingerezi, m'masamba amene alandilodi a ku Bangwe sawerenga. Tipatseni kabokosi pa tsamba lanu la zachuma kosonyeza chiwongola dzanja cha mwezi umenewo, ndi ndalama zomwe munthu angabweze pamwezi pa K1 miliyoni iliyonse akabwereka kwa zaka 3, 5 kapena 10. Ine ndizikadula n'kumata pa kauntala pamene ndimalembera makotesheni.

Ndine wowerenga wanu,
Mayi wa sitolo ya zomangira,
Machinjiri, Blantyre